Kwacha idagwa kapena idakonzedwa? Za mawu osakondera ndi mlembi wolipidwa

Mu November 2023 tidagona dola imodzi ya ku America ili pa K1,180 kubanki, kudzuka ili pa K1,700. Sabata isanathe, shuga, sopo, mafuta ophikira ndi a galimoto zonse zidalumpha. Pamsika, m'minibasi ndi pamaliro pomwe nkhani idali imodzi: kwacha yagwa. Koma akuluakulu a boma ndi a banki yaikulu ya Reserve ankalizemba liwu lakuti kugwa. Ankakonda lachingerezi lakuti realignment, kutanthauza kuti ndalamayo yangobwezeredwa pamzere wake, ngati mmene makaniko amawongolera matayala a galimoto. Liwu lomweli ndilo lidamvekanso mu May 2022 dola itakwera mtengo ndi pafupifupi 25 peresenti.

Tsono taganizirani munthu amene nsima yake imachokera m'kulemba Chichewa. Unduna ukamupatsa ganyu yolemba kapepala kofotokozera anthu akumudzi, ukufuna kuwerenga kuti mtengo wa kwacha wakonzedwa. Chipani chotsutsa chikamutuma, chikufuna kuona kuti boma lagwetsa kwacha. Atolankhani ambiri adaima pakati nkumati boma lachepetsa mphamvu ya kwacha. Mwa onsewa palibe wanama. Ngakhale nambala ili ndi mbali yake: kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, dola idakwera mtengo ndi 44 peresenti, koma kwacha idataya pafupifupi 31 peresenti ya mphamvu yake. Zonse ndi masamu olondola. Wofuna kuopseza atenga 44, wofuna kutonthoza atenga 31.

Anthu ambiri akamva za wolemba wogulidwa amaganiza za bodza lankunkhuniza, nkhani yopeka kuyambira kumutu mpaka kumchira. Zoterozo zilipo, koma ndi zochepa, chifukwa bodza lalikulu silichedwa kugwidwa. Wolipira wochenjera amasiya zonse zili zoona. Iye amangogula liwu limodzi.

Mbale yasweka

Mwana akagwetsa mbale sanena kuti ndaswa mbale. Amati mbale yasweka, ngati kuti idaganiza yokha zodumpha pathandala. Chiyankhulo chathu chili ndi khomo limeneli lothawirapo, ndipo akuluakulu amalidziwa kuposa ana. Ndalama zasowa. Ndalama zasokonekera. Mankhwala atha m'chipatala. Chimanga chawonongeka m'nkhokwe. Ziganizo zonsezi zilibe wochita.

Nkhani ya Cashgate itaphulika mu 2013, ndipo owerengera ndalama a kampani ya Baker Tilly ya ku Britain atapeza kuti zoposa K13 biliyoni zidatuluka ku Capital Hill m'miyezi 6 yokha, panali kusiyana kwakukulu pakati pa wolemba kuti ndalama za boma zidasokonekera ndi wolemba kuti anthu adaba ndalama za boma. Anthu wamba adapeza lawo lakuti kusolola, lomwe limajambula dzanja likulowa mwakachetechete. Liwu lakuti kusokonekera limamveka laulemu, ndipo ambiri amaliyesa losakondera chifukwa silikwiyitsa aliyense. Koma kufewa si kusakondera. Bwalo likagamula kuti uje adaba, kulembabe kuti ndalama zidasokonekera ndi kukondera wakubayo. Bwalo lisanagamule, kumutchula munthu kuti mbava ndi kukondera womuimba mlandu, ndipo nkudziputira mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Nchifukwa chake nkhani za kukhoti zimadzaza ndi mawu akuti akuganiziridwa kuti, ngakhale amatopetsa kuwerenga.

Pa 20 July 2011 anthu adatuluka m'misewu ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Karonga kudandaula za kusowa kwa mafuta, ndalama zakunja ndi kayendetsedwe ka boma la Bingu wa Mutharika. Okonza ankati ndi zionetsero, aboma ankati ndi zipolowe. Zonse ziwiri zidachitikadi: ena adayenda ndi zikwangwani kukapereka madandaulo, ena adathyola masitolo. Anthu 20 adataya miyoyo, ambiri atawomberedwa ndi apolisi, ndipo ku Mzuzu ndiko kudagwa maliro ochuluka. Wolemba kuti anthu 20 adafa pazipolowe wabisa mfuti. Wolemba kuti apolisi adapha anthu ochita zionetsero zamtendere wabisa masitolo. Njira yotulukira apa si kusaka liwu lachitatu lokhala pakati pa awiriwa. Ndi kusiya kutchula chinthucho dzina nkunena zomwe zidachitika: ndani adachita chiyani, kuti, nthawi yanji. Chiganizo chimatalika, koma mbali zonse ziwiri zikachiwerenga zimavomera, ngakhale mokukuta mano, kuti zidatero.

Muyeso umenewu ndi umene ndimaukhulupirira. Taonani chigamulo cha pa 3 February 2020, pamene majaji asanu adafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha May 2019 nkulamula china m'masiku 150. Bwalo lidapeza kuti zolakwika, kuphatikizapo kufufuta manambala ndi tipeksi, zidali ponseponse ndiponso zazikulu moti zotsatirazo sizikadakhulupirika. Mpaka lero ena amalemba kuti khoti lidapeza kuti mavoti adaberedwa, pamene ena amati lidangopeza tizolakwika ta m'maofesi. Oyambawo awonjezera mchere pa zomwe majaji adanena, achiwiriwo athira madzi. Kachilembo kakuti ti- koyambirira kwa liwu, kamene timachepetsera zinthu, kakhoza kugwira ntchito ya loya.

Zigawenga za dzulo

Pali mawu ena amene amabwera atanyamula kale chigamulo. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu Banda mu 1964, Masauko Chipembere, Kanyama Chiume, Yatuta Chisiza ndi anzawo adasanduka zigawenga pawayilesi ndi m'nyimbo za pamisonkhano kwa zaka pafupifupi 30. Lero msewu waukulu wolumikiza Blantyre ndi Limbe ukutchedwa dzina la Chipembere. John Chilembwe, amene atsamunda adamuona ngati woukira boma mu 1915, nkhope yake ili pandalama ndipo pa 15 January timapuma pomukumbukira. Anthuwo sadasinthe. Adasintha ndi amene ali ndi wayilesi.

Nchifukwa chake bungwe lofalitsa nkhani la Reuters lidakhazikitsa lamulo losatchula munthu kuti terrorist, kutanthauza chigawenga, ndi pakamwa pake, pokhapokha pobwereza mawu a wina. Ndege zitawomba nyumba zosanja ku New York pa 11 September 2001, lamuloli lidakwiyitsa anthu ambiri ku America, koma akonzi adaumirira kuti iwo adzanena kuti wophulitsa bomba, wobera ndege, wowombera anthu, ndipo owerenga adzagamula okha. Nalo bungwe la Associated Press mu 2013 lidasiya kutchula munthu kuti illegal immigrant, kutanthauza mlendo wosaloledwa m'dziko, ponena kuti chosaloledwa ndi zimene munthu wachita, osati munthuyo. Aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni wokhala ndi pasipoti yotha masiku, kapena amene adasungidwapo ku Lindela, malo osungirako alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo, akudziwa kusiyana kwa kunenedwa kuti alibe zikalata ndi kunenedwa kuti kwerekwere. Ndipo tisadziyeretse: ife tomwe timati maburundi kwa aliyense wa ku Dzaleka, ngakhale wochokera ku Congo kapena ku Rwanda.

Maudindo nawo ndi mbendera. Ngwazi, Atcheya, Mose wa Lero, Amayi, Adadi: lililonse ndi la pamsonkhano wa chipani, si la m'nkhani. Ngakhale a- waulemu amagwira ntchito mobisa. Nkhani ikamati a Phiri adati, koma Banda wati, mwadziwa kale kuti wolemba adadya kwa yani. Chimodzimodzi aneni a kulankhula. Wati ndi liwu loyera. Waulula limatanthauza kuti zimene wanenazo nzoona ndipo zimabisidwa. Wavomera limamveka ngati wapanikizidwa. Wakanitsitsa kwamtuwagalu, lomwe nyuzipepala zathu zimalikonda kwambiri, limasiya kafungo kakuti munthuyo akukana zomwe aliyense akuzidziwa.

Pamene liwu lapakati palibe

Nthawi zina mukhoza kusanthula mtanthauziramawu yense osapeza liwu lopanda mwini. Nyanja yathu ndi chitsanzo. Ife timati Nyanja ya Malawi, a ku Tanzania amati Nyasa, a ku Mozambique amati Niassa. Kuseri kwa mainawa kuli mkangano wa malire: Malawi amagwira pangano la Britain ndi Germany la 1890 loika malire m'mphepete mwa gombe la kuvuma, pamene Tanzania amati malire adutse pakati pa madzi. Mkanganowu udabukanso mu 2012 Malawi atapereka chilolezo chofufuza mafuta kwa kampani ya Surestream, mpaka Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique, ndi atsogoleri anzake opuma adalowererapo ngati amkhalapakati. Wolembera bungwe logwira ntchito m'maiko onse atatu sangasankhe dzina limodzi popanda kuoneka ngati waimika mbendera pamadzi. Chimene angachite ndi kutchula onse nkunena amene amagwiritsa ntchito lililonse. Chosekesa nchakuti nyasa m'Chiyao ndi nyanja basi, choncho amene amati Lake Nyasa akungoti nyanja nyanja.

Chiyankhulo chimene mukuwerengachi nachonso dzina lake lili ndi mbiri. Chisanafike chaka cha 1968 m'mabuku ndi m'masukulu chinkatchedwa Chinyanja. Msonkhano waukulu wa chipani cha MCP wa chaka chimenecho ndiwo udagamula kuti chikhale chiyankhulo cha fuko ndipo chizitchedwa Chichewa. Ku Zambia ndi ku Mozambique dzina lakale lija lidakalipo, ndipo a Centre for Language Studies ku Zomba atatulutsa mtanthauziramawu wawo mu 2000 adautcha wa Chinyanja. Kwa Mchewa wa ku Kasungu, dzina lakuti Chichewa ndi dzina chabe. Kwa Mmang'anja wa ku Chikwawa kapena Mnyanja wa ku Likoma, dzinali limakumbutsa nthawi imene mtundu wa mtsogoleri udaphimba ina.

Nkhani yotentha koposa ndi ya bilu yofuna kuwonjezera zifukwa zololera mayi kuchotsa pakati, imene aphungu adakana kuikambirana mu 2021. Kumeneku mbali zonse zili ndi ndalama zolipira olemba. Mabungwe oikira kumbuyo biluyo amalankhula za uchembere wabwino ndi kupulumutsa amayi, mipingo yotsutsa imalankhula za kupha mwana wosabadwa. Kungosankha pakati pa mwana ndi mimba, mwavota kale. Kutaya mimba kumamveka ngati kutaya zinyalala. Kuchotsa pakati ndiko kumayandikira kungonena chochitikacho, ndipo ndi kumene ine ndimagwiritsa ntchito, podziwa kuti wa mbali ina adzati ndafewetsa tchimo pamene wa mbali inayo adzati sindidatchule amayi amene amafa pochotsera kwa asing'anga.

Koma pasakhale kusokoneza. Kusakondera si kuima pakati pa chilichonse. Pakati pa wonyoza ndi wonyozedwa palibe malo oimapo. Mawu ngati napweri ndi mzungudala adakhala pakamwa pa anthu zaka zambiri, ndipo ambiri ankawanena mopanda mangawa. Kuyambira cha m'ma 2014, pamene kuphedwa ndi kufukulidwa manda kwa anthu achialubino kudachuluka, zidaonekera poyera kuti dzina lochotsa munthu pagulu la anthu limapeputsa ntchito ya chikwanje. A bungwe la APAM, loimira anthu achialubino m'Malawi, adalimbikira kuti tizinena kuti munthu wachialubino, munthu patsogolo, khungu pambuyo, ndipo pofika 2021 Overstone Kondowe ankalowa m'Nyumba ya Malamulo ngati phungu woyamba wachialubino. Momwemonso wopunduka adasanduka munthu waulumali, ndipo kaliwondewonde ndi magawagawa zidapatsa malo mawu akuti ali ndi kachilombo ka HIV. Pa nkhani zotere eni ake ndiwo amasankha dzina. Chodandaulitsa changa nchimodzi: mawu ena opangidwira m'mahotela a kunyanja pamisonkhano ya mabungwe amatalika mpaka agogo kumudzi osazindikira kuti akunena za mdzukulu wawo. Liwu laulemu limene palibe akulimva silinathandize munthu.

Chipondamthengo

Kale mukapita kwa sing'anga munkayamba mwapereka kangachepe kuti alowe m'thengo kukafuna mankhwala. Chimenecho ndicho chipondamthengo. Atolankhani adalibwereka liwuli, ndipo lero limatanthauza kaenvelopu kamene kamatuluka msonkhano wa atolankhani ukatha, mutasaina papepala lakuti ya mayendedwe. Malamulo a Media Council of Malawi amaletsa kulandira mphatso zopotoza ntchito, koma aliyense wa m'ntchitoyi akudziwa chifukwa chake mwambowu sukufa. Mtolankhani wa kuboma lakutali nthawi zambiri amalipidwa nkhani yake ikatuluka, ndipo malipirowo amachedwa. Galimoto yopita kumudzi kumene kuli nkhani ndi ya bungwe lomwe likufuna kulembedwa. Chakudya chamasana ndi chawo. Pobwerera mwakhala mpando umodzi ndi mkulu wa bungwelo, mukuseka naye.

Akuluakulu adati mlandu sagula ndi chipanda cha mowa, koma chipanda chimafewetsa lilime. Palibe amakuuzani kuti mukaname. Mumangopezeka kuti dzanja lalemba lokha kuti anthu akufuna kwabwino apereka thandizo, m'malo moti kampani yomwe ikukangana ndi mudziwo pa za malo yagawa matumba a ufa. Mumalemba kuti mkuluyo watsindika, pamene mfumu yadandaula chabe. Mukadzawerenga pakapita mwezi simupezamo bodza ngakhale limodzi, koma nkhaniyo yapendekeka ngati nkhokwe yodyedwa ndi chiswe mwendo umodzi.

Apa mpofunika kusiyanitsa, chifukwa kulipidwa pakokha si tchimo. Mmisiri wa matabwa amalipidwa, wolemba nayenso ali ndi lendi. Mtolankhani amalipidwa ndi nyuzipepala kapena wayilesi kuti atumikire owerenga, ndipo ndalama ya munthu amene akumulemba siyenera kufika m'thumba mwake. Mneneri wa kampani, wolemba malonda kapena wokonza uthenga wa bungwe amalipidwa kuti aimire mbali imodzi, ndipo palibe chachinyengo bola chizindikiro cha bungwelo chili pamwamba pa pepala. Wolembera wina zoti akalankhule, kaya ndi nduna kaya ndi bwana wa kampani, amabwereketsa luso lake ndipo mawuwo amasanduka a wolankhulayo. Ntchito zitatuzi nzololedwa. Chinyengo chimayamba pamene ina yavala malaya a inzake: uthenga wolipiridwa ukutuluka ngati nkhani, kapena tsamba la pa Facebook lotchuka likuyamikira wandale ngati maganizo a mwini tsamba pamene ndalama yalowa pafoni usiku wathawu.

Kumene zimenezi zingafike kudaoneka ku South Africa. Mu 2016 kampani ya ku London ya Bell Pottinger idalembedwa ntchito ndi Oakbay, kampani ya banja la Gupta, pa mtengo wa mapaundi 100,000 pamwezi. Nthawi imeneyo dziko lonse linkakamba za state capture, kutanthauza kuti banjali lagwira boma la Jacob Zuma m'manja. Ntchito ya olemba a ku London idali yokankhira patsogolo mawu ena, akuti white monopoly capital, kuti mkwiyo wa anthu uchoke pa a Gupta nkupita pa azungu eni chuma. Mawuwo sadawapeke ndi iwo, ndipo kusalingana kwa chuma pakati pa mitundu m'dzikolo si nthano. Mphamvu yake idali pomwepo: adatola chinthu choona nkuchisandutsa chophimbira. Zitaululika, bungwe la makampani otere ku Britain lidaichotsa Bell Pottinger mu September 2017, makasitomala adathawa, ndipo mwezi womwewo kampaniyo idagwa.

A Wikipedia, amene lamulo lawo lalikulu ndi kulemba mosakondera, adakumana ndi vuto lofanana atagwira kampani ina ikulemba nkhani zokometsera makasitomala ake pogwiritsa ntchito maina ambirimbiri abodza. Mu 2014 sadaletse kulipidwa. Adangolamula kuti wolipidwa aliyense azinena poyera amene wamulemba ntchito ndi amene akumulembera. Ndikuona kuti adalasa pamtima pa nkhaniyi. Palibe angalowe m'mutu mwa wolemba kukayeza ngati ndalama yamupotoza, ngakhale mwini wakeyo sadziwa bwinobwino. Koma wowerenga akauzidwa amene walipira, amadziwa yekha mbali yoti athirepo mchere.

Ine ndidaphunzira mochedwa kuti zokambirana zenizeni zimachitika musanalembe liwu loyamba: pepalali lituluka ndi dzina la yani, womaliza kusintha mawu ndani, ndipo theka la ndalama lilowe ntchito isanayambe, chifukwa munthu amene akudikira malipiro ake onse sakangana ndi bwana pa za mneni. Chaka china bungwe lina lidandipatsa lipoti loti ndilikonze m'Chichewa, lonena za mabanja amene adachoka pamalo pomwe padamangidwa chitukuko. Chingerezi chake chidali chosalala, ndipo mkulu wa ntchitoyo ankafuna kuti ndilembe kuti mabanjawo adapatsidwa malo atsopano. M'mawu a anthu eni ake, omwe adali kumapeto kwa lipoti lomwelo, liwu lobwerezedwa lidali lakuti adatithamangitsa. Ndidalemba kuti adasamutsidwa, nkuwonjezera zomwe lipotilo linkanena lokha: kuti adauzidwa nthawi yochokera, kuti chipukuta misozi ena adalandira ena ayi, ndi kuti kumalo atsopanoko mjigo udali usanakumbidwe.

Adandiimbira foni madzulo. Adati, "Achimwene, Chichewa chanu nchabwino, koma chikuluma. Tangobwezeranimo zija tidakambirana." Ndidawayankha kuti, "Bwana, lipoti ndi lanu, sinthani mmene mukufunira, koma dzina langa mulichotse kumbuyoko." Adasinthadi, dzina adalichotsa, ndipo theka lotsala la ndalama lidabwera patatha miyezi itatu. Kabukuko ndidadzakaona pa ofesi ya kwa DC, pathebulo la alendo, pachikuto pali chithunzi cha mayi akumwetulira atasenza ndowa.